Dzina la Mwana Ndi la Yani?



Amene mumabwera ku Misa ya ubatizo wa ana mwaona kuti mphatso zasintha. Kale mayi wa ubatizo ankabwera ndi chitenje, sopo ndi beseni, basi. Masiku ano pamwamba pa zimenezi pamakhala kachipewa koluka, shawelo kapena kabulangete kosokeredwa dzina la mwanayo ndi ulusi wowala. Ena amapita kwa anyamata osema ziboliboli m'mbali mwa msewu wa ku Senga Bay kukasemetsa dzina pa kathabwa kopachika pakhoma, ena amagula kachibangili ka mikanda kokhala ndi zilembo. Ine zimenezi zimandisangalatsa. Mphatso yogula m'sitolo ingathe kupita kwa mwana aliyense, koma yolembedwa dzina ili ndi mwini wake mmodzi, ndipo amene anaipanga anakhala maola angapo akuganizira za mwana ameneyo.

Popeza ndine amene ndimalemba mayina pa maphunziro a makolo okonzekera ubatizo wa ana awo, ndimaona mayina amene ali m'fasho. A Chichewa amene amabwera kawirikawiri ndi monga Chisomo, Tadala, Takondwa, Mphatso, Pemphero ndi Madalitso. A Chingerezi ndi monga Blessings, Favour, Precious, Miracle, Prince ndi Princess, ndipo tsopano kwabweranso ena omwe makolo amawatola pa kanema, pa mpira ndi pa Facebook. Amayi athu oluka akuti mayina aafupi ndiwo amawakomera chifukwa sadya ulusi wambiri. Koma zomwe zandichititsa kulemba lero zinachitika pa dzina lina lomwe silili m'fasho. Eni nkhaniyi andilola kuti ndiifotokoze, ndipo sinditchula munthu kapena mudzi.

Mayi wina wa m'mphakati wina kunyanja kuno, amene amadziwika ndi luso loluka, analandira mlendo. Anali agogo aakazi, atatenga ndalama m'kansalu, kudzapempha kuti awalukire shawelo ya mdzukulu wawo amene anali atangotuluka m'chikuta. Mayi uja anafunsa dzina loti asokerepo. Agogo anati, "Mwandida." Bambo wa mwanayo anakana pathupi n'kuthawira ku Joni, ndipo akwawo a mnyamatayo anabweza anthu amene anapita kukatula nkhaniyo, mowanyoza. Agogo anafuna kuti tsiku lililonse akamaitana mdzukulu wawo pakhomo, a banja lija azimva, pakuti nyumba zawo zayandikana. Mayi woluka uja anangoti, "Agogo, ndalama zanu tengani kaye. Manja anga akukana kulemba dzina limeneli pa nsalu yofunda khanda." Agogo anachoka atakwiya, akuti iwo anadzagula ntchito, sanadzapemphe ulaliki. Madzulo ake mayi uja anabwera kudzandifunsa ngati analakwa.

Sindinamuyankhe msanga, chifukwa mbali ya agogo ili ndi mphamvu kuposa momwe tingaganizire. Kwa makolo athu dzina linali nkhokwe ya mbiri. Mwana ankakhala m'chikuta mpaka mchombo utagwa, ndipo akamatuluka, wachibale amene wapatsidwa ulemu womutcha dzina ankayang'ana zomwe banja likudutsamo. Wobadwa m'chaka cha chilala ankatha kutchedwa Njala, wobadwa pa nthawi ya zovuta Mavuto kapena Masautso, wobadwa pakhomo pali chisoni Maliro. Anthu amene analibe mabuku ankalemba mbiri yawo pa ana awo. Panalinso mayina oteteza: mayi amene ana ake akhala akumwalira motsatizana ankapatsa khanda dzina lonyozeka kapena lotchula manda, poganiza kuti imfa ikamva dzina lotero imulambalala mwanayo. Sitingawaseke makolo amenewa. Anali anthu amene anaika ana ambiri m'manda, ndipo ankanena zoona za moyo wawo mosabisa.

Inenso kwathu tili ndi dzina lotere. Mchemwali wanga wamkulu ndi Misozi, chifukwa ana awiri amene anabadwa iye asanabadwe anamwalira ali makhanda. Ndili ku sukulu ya ukachenjede ndinamuuza, mwa nzeru za mwana wa sukulu, kuti angathe kusintha dzinalo n'kutenga lina losangalatsa. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe, ndikasintha dzinali, ana aja adzawakumbukira ndani? Manda awo ngakhale iwe suwadziwa." Ndinasowa chonena. Kwa iye dzinalo ndi chikondi cha amayi pa ana awo onse atatu, ndipo amalinyamula mosanyinyirika. Choncho sindinganene kuti dzina lililonse lachisoni ndi loipa, kapena kuti Mkhristu ayenera kutcha ana ake mayina a chisangalalo okhaokha ngati kuti pakhomo pake sipagwa maliro.

Komabe pali kusiyana pakati pa Misozi ndi Mwandida, ndipo manja a mayi woluka uja anakuzindikira mutu wanga usanakuzindikire. Dzina loti Misozi limakumbukira chinthu chimene chinachitika, ndipo silikuloza munthu chala. Dzina loti Mwandida likulankhula ndi munthu wina wake, kudzera mwa mwana. Amene akuitanidwa ndi khandalo, koma amene akuuzidwa ndi a kuseri kwa mpanda. Mwanayo wasanduka kalata. Tikudziwa tonse kuti kumidzi kwathu anthu ankatcha agalu mayina oyimbira anansi, kuti akamaitana galu mawu akafike kwa wolakwa popanda mlandu. Asodzi athu nawonso amalemba pa maboti awo mawu oyankha adani ndi a nsanje. Galu sadziwa tanthauzo la dzina lake, ndipo boti mkangano ukatha amalipaka penti ina. Mwana amakula, amaphunzira kuwerenga, ndipo tsiku lina amafunsa kuti, "Kodi anakudani ndani, ndipo ine ndikukhudzidwa bwanji?" Tsiku limenelo amazindikira kuti chinthu choyamba chimene anapatsidwa pa dziko lapansi chinali cholinga kwa munthu wina.

Apa ndi pamene pagona funso la chikhalidwe. Munthu ndi chifaniziro cha Mulungu, ndipo chifukwa cha ichi sitiloledwa kumugwiritsa ntchito ngati chida chokwaniritsira zofuna zathu, ngakhale zofunazo zikhale zolungama. Agogo aja analakwiridwa zedi, ndipo mkwiyo wawo unali ndi chifukwa. Koma amene analakwa ali ku Joni, ndipo amene adzanyamule dzinalo ku sukulu, pa ukwati mpaka pa mtanda wa pamanda pake ndi mwana amene sanalakwire munthu. Dzina amasankha ndi makolo, koma mwini wake ndi mwana. Ndiye amene adzaliyankhe zaka zonse za moyo wake, pamene osankhawo adzakhale atapita kale ndipo mkangano unaiwalika.

Malembo Oyera amaidziwa nkhani imeneyi. M'buku la Genesis, mutu 35, Rakele akumwalira pobereka anatcha mwana wake Benoni, dzina lonena za chisoni chake. Yakobe, amene anamukonda Rakele koposa, sanalole kuti mwanayo akule ndi dzina limenelo, ndipo anamutcha Benjamini. Sanachite zimenezi chifukwa choiwala mkazi wake, pakuti Malembo omwewo akutiuza kuti anaimika mwala pamanda pake. Chikumbutso cha imfa anachiika pa mwala, ndipo mwana anamupatsa dzina loti ayende nalo. M'buku loyamba la Mbiri, mutu 4, timamvanso za Yabesi, amene mayi wake anamutcha dzina lokumbutsa ululu umene anamva pomubereka. Chimene Malembo anasunga cha munthu ameneyu ndi pemphero lake lopempha Mulungu kuti amudalitse ndi kumuteteza ku zowawa, ndipo Mulungu anamumvera. Zikuoneka kuti dzinalo linkamulemera, ndiponso kuti Mulungu samangidwa ndi dzina limene anthu apereka.

Tsopano ndibwere kwa ife a m'badwo uno, pakuti n'kosavuta kudzudzula agogo ife tili chisekere ndi mayina athu okoma. Kodi tikamatcha mwana dzina lomwe talimva pa kanema usiku wathawu, timakhala tikuganizira mwanayo kapena anthu amene adzaone chithunzi cha shawelo pa WhatsApp? Ndafunsapo makolo pa maphunziro a ubatizo tanthauzo la dzina limene asankha, ndipo yankho limene ndimalimva kawirikawiri ndi lakuti, "Limangomveka bwino," kapena "Kuno kulibe wina amene ali nalo." Kukonda dzina lomveka bwino si tchimo, ndipo dzina lachilendo si loletsedwa. Ambiri a ife tili ndi mayina a Chingerezi, ndipo mayina a oyera mtima amene timawakonda anachokeranso kutali. Koma dzina losankhidwa kuti anansi adziwe kuti ife ndife otsogola nalonso ndi kalata yopita kuseri kwa mpanda. Agogo aja ankafuna kuti anansi amve manyazi, ife timafuna kuti atisirire, ndipo m'njira zonse ziwiri maso athu ali pa anansi.

Palinso mayina okoma amene amasanduka katundu. Mwana wotchedwa Prince amene akugona ndi njala nyengo ya mwera, pamene bambo ake sakutha kulowa panyanja, amasekedwa ndi anzake. Mwana wotchedwa Miracle amene makolo amamukumbutsa tsiku ndi tsiku kuti ayenera kudzawachotsa mu umphawi amakula ndi ngongole imene sanabwereke. Ndaonanso agogo akulephera kutchula dzina la mdzukulu wawo, mpaka kungomuitana kuti "iwe" kapena kumupatsa lina lapakhomo. Dzina limene anthu okonda mwanayo sangathe kulitchula lalephera ntchito yake yoyamba, imene ndi kuitana.

Kuti tione kuti kukoma kwa tanthauzo pakokha sikukwanira, tikumbukire Josephine Bakhita Woyera, amene chikondwerero chake chimakhala pa 8 Febuluwale. Anabadwira ku Darfur m'dziko la Sudan cha m'ma 1869, ndipo anagwidwa ukapolo ali kamtsikana. Chifukwa cha mantha ndi nkhanza anaiwala dzina limene makolo ake anamupatsa. Loti Bakhita anamupatsa ndi amene anamugwira, ndipo m'Chiarabu limatanthauza wamwayi. Taganizani, dzina lokoma chotero kuchokera pakamwa pa anthu amene ankamugulitsa ngati mbuzi. Ife a kunyanja nkhaniyi isatitalikire, pakuti pa Nkhotakota pomwepa, m'nthawi ya a Jumbe, anthu ankawolotsedwa nyanja yomweyi kupita ku misika ya akapolo, ndipo ambiri mayina awo anatayika m'njira. Bakhita anabatizidwa ku Venice pa 9 Januwale 1890, anakhala sisiteri, anamwalira mu 1947, ndipo Papa Yohane Paulo Wachiwiri anamulengeza kukhala woyera m'chaka cha 2000. Dzina limene linaperekedwa mwachipongwe lija lero makolo akulipereka kwa ana awo mwachikondi, chifukwa cha moyo wa amene analinyamula.

Nanga Mpingo umafuna chiyani? Ambiri amaganiza kuti lamulo ndi lakuti mwana aliyense akhale ndi dzina la Chizungu la woyera, ndipo kuti dzina la Chichewa ndi lachikunja. Malamulo a Mpingo a mu 1917 ankafunadi kuti wobatizidwa apatsidwe dzina lachikhristu, ndipo makolo akakana, wansembe ankawonjezera dzina la woyera m'kaundula. Ndi chifukwa chake agogo athu ambiri ali ndi mayina awiri, la kumudzi ndi la kutchalitchi. Malamulo amene tikutsatira tsopano, a mu 1983, pa nambala 855, amangopempha makolo, makolo a ubatizo ndi bambo mfumu kuti aonetsetse kuti mwana asapatsidwe dzina losemphana ndi mtima wachikhristu. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, kuyambira pa nambala 2156, amafotokoza kuti dzina la ubatizo lingathe kukhala la woyera, amene amakhala chitsanzo ndi nkhoswe ya mwanayo, kapena lonena za chinsinsi cha chikhulupiriro chathu kapena khalidwe lachikhristu. Choncho Chisomo, Chifundo, Chikondi, Chiyembekezo ndi Mtendere ndi mayina achikhristu enieni. Tikumbukirenso Kizito, amene anatenthedwa ku Namugongo pa 3 Juni 1886, wamng'ono pa onse mwa Amaritiri 22 a ku Uganda amene Papa Paulo Wachisanu ndi Chimodzi anawalengeza kukhala oyera mu 1964. Mpingo wonse umamudziwa ndi dzina la kwawo. Dzina lililonse la woyera linayamba ngati dzina wamba la m'mudzi wina.

Onani kuti lamulo lija laika udindo pa anthu angapo, osati pa kholo lokha. Kutcha dzina si nkhani ya munthu mmodzi ali yekha ndi mkwiyo wake kapena ndi foni yake. Mu Mthenga Wabwino wa Luka, mutu woyamba, abale ndi anansi anasonkhana tsiku lachisanu ndi chitatu ndipo anafuna kutcha mwana wa Elizabeti dzina la bambo ake, Zakariya. Elizabeti anakana, iwo anatsutsa kuti m'banjamo mulibe wa dzina limene iye ankanena, ndipo Zakariya, amene anali asakulankhula, anapempha cholembapo n'kulemba dzina loti Yohane. Dzinali limatanthauza kuti Mulungu wakomera mtima, ndiye kuti likufanana ndi Chisomo wathu. Zakariya anali ndi mwana mmodzi yekha, wa muukalamba, ndipo akanatha kufuna kuti dzina lake lipitirire. Analemba dzina logwirizana ndi ntchito imene Mulungu anakonzera mwanayo, ndipo pamenepo ndi pamene pakamwa pake panatseguka.

Mayi woluka uja ndinamuuza kuti sanalakwe. Sananame kuti ulusi watha, sanawanyoze agogo, ndipo anataya ndalama imene ankaisowa. Wina anganene kuti ntchito ya woluka ndi kuluka basi, koma amene walemba kalata yachipongwe m'malo mwa mnzake sanganene kuti iye anangogwira cholembera. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Komanso ndinamuuza kuti kukana kokha sikukwanira, chifukwa bala la agogo linali lidakali lotseguka. Tikauza munthu wolakwiridwa kuti asaike dandaulo lake pa mwana, tiyenera kumuonetsa kwina koti akalitule. Makolo athu anali ndi ankhoswe ndi bwalo la mfumu. Ife tilinso ndi mphakati, ndipo dziko lili ndi lamulo losamalira ndi kuteteza ana la mu 2010, limene limapereka udindo wolera mwana kwa makolo onse awiri, ndipo mayi angathe kukadandaula kubwalo la milandu za chithandizo cha mwana.

A mphakati anapita kukacheza ndi banjalo. Pokambirana zinadziwika kuti mayi wa mwanayo, mtsikana amene sanafunsidwe chilichonse pa nkhani ya dzina, anali ndi dzina lake mumtima kuyambira ali woyembekezera, koma ankaopa kutsutsa amayi ake pamene iye anali atawachititsa kale manyazi. Dzinalo linali Chifundo. Ndi limene lalembedwa m'kaundula wa ubatizo, ndipo ndi limene lili pa shawelo. Sindikunamizani kuti zonse zatha bwino. Bambo uja sanabwerebe ndipo sanatumize kanthu. Nkhani ya chithandizo ili m'manja mwa akuluakulu. Agogo akapsa mtima nthawi zina amaitanabe dzina lakale lija mokweza kuti lidumphe mpanda. Tiziwapempherera, ndipo tisawaweruze, pakuti ndiwo amene akuphikira mayi ndi mwana tsiku lililonse.

Kwa inu makolo amene mukuyembekezera, ndi inu amene mudzapemphedwa kutcha mwana dzina kapena kukhala makolo a ubatizo, kumbukirani kuti masiku ano dzina silisintha mophweka ngati kale. M'nthawi ya makolo athu munthu ankatha kulandira dzina latsopano ku chinamwali, ndipo la paubwana linkasiyidwa. Lero dzina likalowa pa chikalata cha kubadwa cha ku NRB, limapita ku sukulu, pa satifiketi ya mayeso ndi pa chiphaso cha unzika, ndipo kulisintha ndi ntchito yaikulu. M'mera mpoyamba. Musanapite kwa woluka kapena kwa wosema, khalani pansi awiri mudzifunse mafunso awa. Kodi dzinali tikulankhula ndi mwana wathu kapena ndi munthu wina? Kodi tikudziwa tanthauzo lake, ndipo tidzatha kumufotokozera mwanayo chifukwa chimene tinalisankhira, tikumuyang'ana m'maso? Kodi lidzamuyenerabe akadzakhala nkhalamba ya imvi, kaya adzakhale wolemera kapena wosauka? Ngati mukufuna dzina la woyera, funsani mbiri yake kwa ife aphunzitsi kapena kwa ansembe, kuti mwana adzadziwe nkhoswe yake ndi tsiku la chikondwerero chake.

Ndipo kwa inu amene muli kale ndi dzina lolemera, limene limakukumbutsani mkangano umene simunauone kapena kukanidwa kumene simunakuchititse, dzina limenelo si chiweruzo cha Mulungu pa inu. Abramu anakhala Abrahamu, Simoni anakhala Petulo, ndipo Yabesi anadalitsidwa ali ndi dzina lake lomwelo. Pa tsiku la ubatizo wanu wansembe anatchula dzina lanu, kenaka anatchula dzina la Atate ndi la Mwana ndi la Mzimu Woyera, ndipo kuyambira pamenepo ndinu a banja limenelo. Ngati amene anakutchani dzinalo adakali moyo, kachezeni nawo, muwafunse zomwe ankadutsamo m'masiku amenewo. Mwina mudzapeza kuti ali ndi bala limene akhala akudikira munthu woti amufotokozere.

Nkhaniyi tikaikambirane m'miphakati yathu sabata ino. Aliyense akafotokoze amene anamutcha dzina ndi chifukwa chake, ndipo amayi oluka ndi anyamata osema tikawaitane kuti nawonso akatiuze zomwe amakumana nazo pa ntchito yawo.

Ambuye akudalitseni nonse pamodzi ndi ana anu.